Kankhanambo ka pakhutu ndi asilikali a m'thupi

Mu Lusaka muno mulibe khomo limene silinamvepo za CD4. Kuyambira pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulele m'zipatala za boma, cha m'ma 2004 ndi 2005, nambala imeneyi inalowa m'macheza a pampopi, a m'basi ndi a pamaliro. "Yakwera." "Yatsika, ili pansi pa 200." Anthu anadziwa kuti wathanzi amakhala pakati pa 500 ndi 1,500, ndi kuti ikatsikitsitsa matenda amalowa mmene afunira. Masiku ano anamwino amayang'ana kwambiri viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, komabe CD4 idakali pakamwa pa anthu. Ine ndagwira ntchito mu labu zaka zambiri, kulowetsa timabotolo ta magazi m'makina owerenga maselo amenewa, ndipo funso limene odwala ankabwera nalo linali lakuti adye chiyani kuti asilikali achuluke. Zoti asilikaliwo amachokera kuti palibe ankafunsa. Koma yankho lake ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa limafika mpaka pa khansa ya pakhungu imene ikutitengera abale athu achialubino akadali anyamata ndi atsikana.

Maselo onse a m'magazi, ofiira ndi oyera omwe, amayambira m'mafuta a m'mafupa. Kagulu kena ka maselo anthete kamatuluka mmenemo n'kuyenda ndi magazi mpaka pa kachiwalo kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa, pamwamba pa mtima, kotchedwa thymus. Mwa khanda kachiwaloka kamakhala kakakulu ndithu, koma munthu akatha msinkhu kamayamba kufota, mafuta n'kumalowa m'malo mwake, ndipo madokotala akale ankakayesa kopanda ntchito. Mu 1961 Jacques Miller, ali ku London, anachotsa thymus mwa mbewa zongobadwa kumene. Mbewazo zinakula zopanda chitetezo. Matenda ankazigwira msanga, ndipo ngakhale azisokerere khungu la mbewa ya mtundu wina, thupi silinkalikana. Maselo a T, amene a CD4 ndi gulu lawo limodzi, amaumbidwira m'kachiwalo kameneka, ndipo mayeso ake ndi owawa: oposa 90 pa 100 alionse amafera momwemo, ena chifukwa sangathe kuzindikira mdani, ena chifukwa akanaukira thupi la mwini wake.

Selo likamalowa mu thymus limakhala lisanasankhe njira. Lingathe kukhala la T, lingathenso kukhala la mtundu wina. Chimene chimaligamulira ndi puloteni yokhala pakhoma pake, yotchedwa Notch1. Mu 1999 Freddy Radtke ndi anzake ku Lausanne anazimitsa puloteni imeneyi mwa mbewa, ndipo maselo a T analeka kupangika. Mu thymus munayamba kupezeka maselo a B, asilikali a mtundu wina amene kwawo ndi m'mafupa. Chaka chomwecho gulu la Warren Pear ku Philadelphia linachita zotembenuza: linaiyatsa mokakamiza m'maselo a m'mafupa, ndipo maselo a T anayamba kumera m'mafupa momwemo. Pofika 2002, ku Toronto, Juan Carlos Zúñiga-Pflücker anali atakwanitsa kulera maselo a T m'mbale ya mu labu, pongowayala pamwamba pa maselo ena onyamula puloteni yoyatsa Notch. Choncho selo lililonse la CD4 limene makina athu anawerengapo linadutsa pa khomo limeneli.

Mbiri ya puloteniyi imayambira kutali ndi chipatala. Mu 1914 John Dexter, ku America, ankaweta tintchentche tija timazungulira nthochi zakupsa, ndipo anaona kuti tina tinali ndi mapiko obenthuka kunsonga. Anzake a Thomas Hunt Morgan anapitiriza kufufuza chilemacho, ndipo m'zaka za m'ma 1980 magulu a Spyros Artavanis-Tsakonas ndi Michael Young anawerenga jini yake, kachigawo ka DNA kosunga malangizo opangira puloteni ya Notch. Ndimakonda kukumbutsa ana a sukulu amene amabwera kudzaphunzira ntchito mu labu kuti anthu amenewa sankaganiza za khansa. Ankafuna kudziwa chifukwa chake phiko labenthuka.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamva. Mauthenga ambiri a m'thupi amayenda ndi magazi, monga insulin, amene amachoka m'kapamba n'kukafika mpaka kuphazi. Wa Notch suyenda. Maselo awiri ayenera kugundana khoma ndi khoma. Selo loyandikana nalo limakhala ndi puloteni yake, Delta kapena Jagged, imene imagwira Notch n'kuikoka. Ikakokedwa, pamaonekera malo amene anali obisika, ndipo pamenepo imadulidwa kawiri: koyamba kunja kwa selo, kachiwiri mkati mwa khoma lenilenilo, ndipo wodula kachiwiriyu amatchedwa gamma-secretase. Kachidutswa kotsala mkati kamamasuka n'kulowa m'kachipinda kosunga DNA, kumene kamagwirana ndi puloteni ina, RBPJ, n'kuyatsa majini ena. Kachidutswako sikakhalitsa, selo limakaphwanya msanga, kotero kuti uthenga upitirire pamafunika kugundana kwina. Ife anthu tili ndi mitundu inayi ya Notch ndi mapuloteni asanu oiyatsa. Mu thymus woyatsa wamkulu ndi Delta-like 4.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti uthengawo mulibe mawu. Zili ngati kukhudzidwa paphewa m'minibasi yodzaza yochokera ku Kulima Tower: akakukhudza kondakitala watulutsa ndalama, akakukhudza mnzako wadziwa kuti mwafika potsikira, pamene dzanja lagwira malo amodzimodzi. Tanthauzo lili mwa wolandira. Selo lanthete la mu thymus likamva Notch limayamba kukhala la T ndi kuchulukana. Selo la pakhungu likamva Notch yomweyo limasiya kuchulukana.

Kumbali ya magazi, ngozi imabwera uthenga ukakana kuzima. Mu 1991 gulu la Jeffrey Sklar linapeza jini imeneyi itaduka n'kulumikizika molakwika mwa odwala ochepa a khansa ya m'magazi yotchedwa T-ALL, imene imagwira kwambiri ana ndi achinyamata. Mu 2004 gulu la Jon Aster ku Boston linapeza kuti si ochepa ayi: odwala T-ALL oposa theka ali ndi NOTCH1 yowonongeka mwa njira yoti imangoyaka yokha, kapena kachidutswa kake kamakana kuphwanyidwa. Maselo amangomva kuti chulukanani, usiku ndi usana. Apa aliyense anaona ngati nkhani yatha: Notch ndi yoyambitsa khansa, tipeze mankhwala oizimitsa.

Khungu linawatsutsa. Pansi penipeni pa khungu pali mzere wa maselo amene amagawikana kosalekeza. Ana awo amakwera m'mwamba, amasiya kugawikana, amaphwatalala, amauma, n'kudzayoyoka pakatha pafupifupi mwezi. Chimodzi mwa zimene zimauza selo kuti nthawi yosiya kubereka yakwana ndi Notch. Mu 2003 Radtke yemwe uja, pamodzi ndi Gian Paolo Dotto, anazimitsa Notch1 pakhungu la mbewa. Khungulo linakhuthala, kenako zotupa za khansa zinayamba kumera. Mu 2011 ofufuza atawerenga DNA ya khansa ya pakhungu ya anthu yotchedwa squamous cell carcinoma, anapeza NOTCH1 kapena NOTCH2 itafa m'zotupa pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse.

Umboni wina unabwera mopweteka. Kampani ya Eli Lilly inkayesa mankhwala otchedwa semagacestat pa okalamba odwala matenda oiwalaiwala a Alzheimer. Mankhwalawo ankatseka gamma-secretase, wodula uja, pofuna kuchepetsa zinyalala zina mu ubongo, koma potero ankatsekanso uthenga wa Notch. Mu Ogasiti 2010 kafukufukuyo anaimitsidwa: odwala sankapezako bwino, ankaipiraipira, ndipo khansa ya pakhungu inachuluka pakati pa amene ankamwa mankhwalawo. Ndimakumbukira nkhani imeneyi nthawi zonse ndikaona mabotolo a "zokweza chitetezo" akugulitsidwa m'tauni ndi pa WhatsApp. Ngati akatswiri okhala ndi ndalama zonsezo anagwira chingwe chimodzi n'kugwetsa zinthu kumalo kumene sankayembekezera, wogulitsa amene akulonjeza kuti botolo lake likweza asilikali ndi kuchiritsa khansa nthawi imodzi akukunamizani, ndipo akukudyerani ndalama zimene zikanakufikitsani kuchipatala.

Kafukufuku amene anandisintha maganizo kwambiri ndi wa mu 2015, wa Iñigo Martincorena ndi anzake ku Wellcome Sanger Institute ku England. Anatenga tizidutswa ta khungu la pazikope lochotsedwa pa opaleshoni mwa anthu anayi a zaka za pakati pa 55 ndi 73, khungu looneka labwinobwino, lopanda chilonda. Anapeza kuti pafupifupi selo limodzi mwa anayi alionse linali kale ndi kuwonongeka kwa jini kwa mtundu wopezeka m'khansa, ndipo jini yowonongeka kawirikawiri inali NOTCH1. Ngakhale chizindikiro cha wowononga chinkaoneka: kuwala kwa dzuwa kwa UV kuli ndi kachitidwe kake, kamasandutsa chilembo C cha mu DNA kukhala T. Tanthauzo lake n'lakuti khansa ya pakhungu simagwa tsiku limodzi. Selo limodzi limataya Notch, limasiya kumvera, limabala anzake osamva, kagulu kake kamakula mwakachetechete. Limeneli lokha si khansa. Pamafunika kuti dzuwa liwonongenso jini ina, monga TP53, kenako inanso, kwa zaka.

Anthu anayi aja anali okalamba a ku dziko la mitambo. Tsopano ganizirani za mnyamata wachialubino wa ku Kanyama. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, madigiri 15 okha kum'mwera kwa equator. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa limadutsa pamutu penipeni, ndipo mitambo ya dzinja siitchinga UV yense. Khungu lakuda lili ndi melanin wambiri, amene amaunjikana pamwamba pa kachipinda ka DNA m'selo lililonse n'kumwa kuwalako kusanafike pa majini. Mwa munthu wachialubino melanin ndi wochepa kwambiri kapena mulibiretu, kawirikawiri kuno kum'mwera kwa Africa chifukwa cha jini yotchedwa OCA2, imene mwana amailandira kwa bambo ndi mayi omwe, onse awiri angathe kukhala akuda bii. Zimene dzuwa la ku England limachita m'zaka makumi asanu ndi limodzi, lathu lingathe kuzichita munthu akadali wachinyamata. Kalembera wa 2010 anapeza anthu achialubino 25,324 m'Zambia, ndipo khansa imene imawagwira kwambiri ndi squamous cell carcinoma yomwe ija.

Mwana wa achemwali anga ndi wachialubino. Amagulitsa machaja ndi zikuto za mafoni pafupi ndi City Market, kuima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amavala kachipewa ka khonde la kutsogolo kokha, chifukwa akuti chipewa cha khonde lozungulira chimamuonetsa ngati mdala wa kumunda ndipo anzake amamuseka. Nkhope imakhala pamthunzi, makutu ndi khosi zili padzuwa. Tsiku lina tikudya nsima kwa amake ku Chawama ndinaona akukanda pamwamba pa khutu lamanja. Ndinamuuza asendere. Panali kabala kakang'ono kosafika pa chikhadabo, kofiirira, kouma, kokhala ndi mamba oyera. Nditapitsapo chala kanali kokhakhala.

"Amalume, ndi kankhanambo chabe. Ndikakanda kamachoka."

"Kakachoka kamabweranso?"

"Kamabwera."

"Pamalo pomwepo?"

"Pomwepo."

Achemwali anati akhala akumudzoza mafuta, ndipo ku kiliniki ina anamupatsa mankhwala a zipere, koma sikanasinthe. Sindikuwadzudzula anamwinowo, munthu amene waona zipere zambirimbiri mwezi umenewo n'kosavuta kuti aonenso chipere. Koma kabala kokhakhala, kobwerera pamalo amodzi, pa khungu lopsa ndi dzuwa, madokotala amakatcha actinic keratosis, ndipo ndi kagulu kaja ka maselo osamva kataonekera kunja. Timabala tambiri totere sitisanduka khansa, koma palibe angaloze ndi maso kuti aka kasanduka, aka ayi. Dokotala wa khungu amene tinamuona anatenga kabotolo kachitsulo kokhala ndi nitrogen wamadzi, wozizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro, anapopera pakhutupo kwa masekondi ochepa mpaka panayera, ndipo anapezanso tina tiwiri kumbuyo kwa khosi timene ife sitinatione. Mnyamatayo analuma mano, anati kukuwotcha ngati moto. Panatuluka thuza, kenako nkhanambo, nkhanamboyo n'kugwa, pansi pake khungu losalala. Ntchito yonse sinatenge nthawi yophikira nsima.

Pambali pa melanin, khungu lili ndi mlonda wachiwiri, ndipo ndi maselo a T omwe aja. Selo likawonongeka majini limayamba kuonetsa pakhoma pake tizidutswa ta mapuloteni achilendo, ndipo maselo a T oyendera pakhungu amalizindikira n'kulipha. Kukula kwa ntchito yawo kumaoneka akachotsedwa. Anthu amene anaikidwa impso ya munthu wina amamwa mankhwala ofooketsa maselo a T moyo wawo wonse, ndipo squamous cell carcinoma imawagwira kuwirikiza ka 65 kapena kuposa poyerekeza ndi anthu ena. Mwa amene ali ndi HIV chiopsezo chimakweranso, makamaka CD4 ikakhala yotsika. Ndiye munthu wachialubino amene ali ndi kachilombo koma sakumwa ma ARV mokhulupirika wataya alonda onse awiri, melanin analibe kale.

Ife a mu Lusaka tinaona zimenezi dziko lisanazimvetse. Mu 1983 dokotala wa maopaleshoni Anne Bayley, wa pa University of Zambia ndi UTH, anazindikira kuti khansa yotchedwa Kaposi sarcoma yasintha khalidwe. Kale inali nthenda ya pang'onopang'ono ya m'miyendo ya abambo achikulire. Tsopano inkagwira achinyamata, kufalikira thupi lonse, mkamwa ndi m'mapapo, n'kupha msanga. Analemba zimenezi mu magazini ya The Lancet mu 1984. Kachilombo koyambitsa khansayi, HHV-8, kanapezeka mu 1994 ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore ku New York, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti kakafuna kudzuka m'selo kamagwira RBPJ, puloteni yomwe ija imene kachidutswa ka Notch kamagwirana nayo. Anthu ambiri kuno ali nako kachilomboka osadwala, chifukwa maselo a T amakapondereza. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 timawakumbuka mabala akuda aja pa miyendo ya abale athu, ndiponso mmene anachepera ma ARV atafika.

Ndisaiwale ife akhungu lakuda: melanin amatiteteza kwambiri, koma osati kotheratu. Chipsera chakale cha moto kapena chilonda cha pamwendo chimene chakhala zaka osapola chingathe kusanduka khansa, ndipo khansa ina ya pakhungu, melanoma, mwa ife imakonda kuphazi ndi pansi pa chikhadabo, kumene sitiyang'ana.

Sayansi imeneyi yabala mankhwala. James Allison ndi Tasuku Honjo analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa chopeza mapuloteni amene amagwira maselo a T kuti asamenye, ndi njira yowamasula. Chaka chomwecho mankhwala otchedwa cemiplimab, otseka PD-1, imodzi mwa mapuloteni amenewa, analoledwa ku America pa squamous cell carcinoma imene yafalikira, ndipo mwa odwala pafupifupi theka zotupa zinachepa. Ndimasangalala nazo, koma mtengo wake si wa wogulitsa machaja. Cancer Diseases Hospital, imene inatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH, imalandira odwala ochokera m'zigawo zonse za dziko lino, ndipo wachialubino akafika kumeneko ndi chilonda chimene chadya khutu n'kulowa m'fupa, madokotala amayesetsa ndi mpeni, ndi makina owotcha, ndi chemotherapy, koma nthawi yabwino inadutsa kale. Nthawi imeneyo inali zaka zija pamene chilondacho chinali kankhanambo.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Pa 13 Juni chaka chilichonse timaguba, timavala malaya olembedwa, timadzudzula amene amapha ndi kudula ziwalo za anthu achialubino, ndipo tiyenera kutero mokweza. Koma dzuwa likupha ambiri kuposa zigawengazo, ndipo m'makomo mwathu chilonda chosapola timachitchabe zolodzedwa, n'kutaya miyezi kwa asing'anga. Ku Moshi, m'dziko la Tanzania, Regional Dermatology Training Centre yakhala ikuyendera anthu achialubino m'midzi kuyambira m'zaka za m'ma 1990, kuwayang'ana khungu ndi kuwotcha timabala tisanakule, ndipo kuyambira 2012 amapanga okha mafuta oteteza ku dzuwa otchedwa Kilisun. Mu 2025 bungwe la WHO linaika mafuta oteteza ku dzuwa pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, nkhani imene mayi wa kwathu konkuno, Muluka-Anne Miti-Drummond, katswiri wa United Nations pa ufulu wa anthu achialubino, anailimbikira. Mafuta amenewa si zodzola za ulemu. Ndi mankhwala, ndipo malo ake ndi pa windo la famase ya kiliniki, pambali pa ma ARV.

Ndikanakonda ophunzira athu a zachipatala a pa Ridgeway, amene akufuna mitu ya kafukufuku, atatenga funso la Martincorena n'kulibweretsa kuno: pa khungu la mwana wachialubino wa zaka 10, wa zaka 15, wa zaka 20, maselo otaya Notch ndi ochuluka bwanji, ndipo chipewa ndi mafuta zimachepetsa bwanji chiwerengerocho? Odwala tili nawo, dzuwa tili nalo, ndipo makina owerenga majini analowa kale m'malabu athu ena pa nthawi ya COVID-19.

Pamene tikudikira zimenezo, pali zimene banja lingachite sabata ino. Chipewa chikhale cha khonde lozungulira, malaya a manja aatali a nsalu yothithikana, mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 50 adzoledwe m'mawa ndi kubwerezedwa masana, osaiwala makutu, milomo, kumbuyo kwa khosi ndi kunja kwa manja. Mwana wachialubino asatumidwe kumunda kapena kumsika dzuwa lili paliwombo. Kamodzi pamwezi wina wa m'banjamo amuyang'ane malo amene mwini wake sangaone, ndi maso ndi chala chomwe, chifukwa timabala tina timamveka kukhakhala tisanaoneke. Kabala kobwerera pamalo amodzi, chilonda chimene chatha mwezi osapola, kachotupa kotuluka magazi kakakhudzidwa, zimenezi zikafike kwa dokotala wa khungu, ndipo mukapatsidwa mankhwala a zipere osaona kusintha, bwererani mukapemphe kalata yopitira ku chipatala chachikulu.

Kwa akuluakulu a zaumoyo pempho langa ndi laling'ono: tsiku limodzi pamwezi pa kiliniki iliyonse yaikulu, la Matero, la Kanyama, la Chawama, la Chipata compound, pakhale clinical officer wophunzitsidwa kuzindikira timabala timeneti, ali ndi kabotolo ka nitrogen m'manja. Nitrogen wamadziyo si chinthu chachilendo m'dziko muno. A zaziweto amasungiramo mbewu ya ng'ombe zamphongo ku Mazabuka n'kumayenda nayo m'mitsuko yachitsulo mpaka kwa alimi, ndipo njira yomweyo ingathe kumufikitsa ku makiliniki athu.